Wogula Ngolo wa ku Zemba

Chaka cha 1996 khonsolo ya Chadiza inalengeza kuti igulitsa nyumba zake kwa anthu omwe ankakhalamo. Keziya anaimva nkhaniyi ali pamsika, pomwe ankagulitsa zitumbuwa, ndipo tsiku limenelo anasokoneza chenji kangapo. Nyumba yomwe ankakhala ndi ana ake atatu inali ya khonsolo. Mwamuna wake, a Jason Sakala, anali kalipentala wa kumeneko, ndipo anali atamwalira chaka chapitacho atavutika nthawi yaitali ndi chifuwa. Akuluakulu anamusiya Keziya m'nyumbamo pomumvera chisoni, koma tsopano nkhani inali ina: wofuna nyumba apereke gawo loyamba la mtengo mwezi wa Ogasiti usanathe, apo ayi nyumbayo ipita kwa wina.

Ndalama zomwe analandira a Jason atamwalira zinathera ku maliro ndi kwa achibale a mwamunayo. Chomwe chinatsala ndi katundu wa m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba: macheka, nyundo, benchi yopalirapo matabwa, matebulo awiri osapaka vanishi, ndi zitseko zingapo, komanso ngolo yomwe inali panja. Ngoloyo a Jason anaipanga okha, Loweruka ndi Loweruka, ndi mawilo a galimoto yakale ndi matabwa a mlombwa. Anaimaliza akutsokomola kale. Ng'ombe analibe, ankangoti adzaigulitsa anthu akakolola. Kuyambira pamenepo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

Keziya anakafotokoza vuto lake kwa a Harrison Miti, mkulu wa mpingo wa Pentekosite komwe ankapemphera. A Miti anagwira ntchito ya umesenjala ku khoti zaka zambiri asanapume, ndipo katundu wolandidwa kwa anthu angongole ankagulitsa ndi iwo.

"Musagulitse chimodzichimodzi, amake Tionge," anatero a Miti. "Anthu akadziwa kuti mwapanikizika, aliyense abwera payekha n'kukunyengererani mpaka mupereke ulere. Tichite okushoni. Onse akhale pamodzi, azilimbirana, ndipo wotchula mtengo wapamwamba ndiye atenge."

Anasankha Loweruka lina la mu Julayi. Anthu anabwera ambiri kuposa momwe Keziya ankayembekezera, ena kudzagula, ambiri kudzangoonerera. A Miti anaima kuseri kwa benchi atavala jekete yawo ya kutchalitchi, nyundo ya a Jason ili m'manja. Mawu anali nawo. Macheka anapita, zitseko zinapita, matebulo anatengedwa ndi mphunzitsi wina amene analonjeza kulipira malipiro akatuluka. Keziya anakhala pakhonde, akuona zinthu za mwamuna wake zikutuluka pampanda chimodzichimodzi. Sanalire. Maso ake anali pa ngolo, chifukwa ndalama za nyumba zinali pamenepo.

Wofuna ngoloyo kwenikweni anali mmodzi, a Fulansisi, wamalonda wa ku Chipata yemwe ankazungulira m'midzi kugula chimanga ndi nsawa. Anaizungulira, anamenya matayala ndi nsapato, n'kunena mokweza kuti onse amve kuti matayalawo atha ndipo sangafike ndi pa Pembamoyo pomwe. Kenaka anatchula mtengo wochepa kwambiri moti ena anaseka. Alimi awiri anayesa kukweza pang'ono, koma a Fulansisi atawonjezera, onse anagwa ulesi. Aliyense ankadziwa kuti wamalondayo ali ndi ndalama m'thumba, pamene iwo zawo zinali zidakali m'nkhokwe.

A Miti anakweza nyundo monyinyirika. "Kamodzi. Kawiri."

Kumbuyo kwa gulu, bambo wina wamtali, wachipewa cha mlaza, atatsamira njinga yake, anakweza dzanja n'kutchula mtengo woposa. A Fulansisi anatembenuka, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi afumbi, nawonjezera. Bamboyo anawonjezeranso. Anthu anayamba kuyandikira. Anapikisana choncho mpaka mtengo unawirikiza, ndipo Keziya anapezeka waimirira osadziwa kuti waimirira liti. Bamboyo atakwezanso dzanja, a Fulansisi anangoseka.

"Tengani, bambo. Mwina ili ndi injini yomwe ine sindikuiona," anatero, n'kunyamuka ulendo wa kumaminibasi.

Nyundo inagunda benchi. Anthu anaomba m'manja, koma wopambanayo sanaoneke ngati munthu amene wapambana. Anavula chipewa, anapukuta nacho kumaso, n'kuyandikira pang'onopang'ono.

"Dzina, bambo?" anafunsa a Miti.

"Whiteson Chulu, wa ku Zemba."

"Nanga ndalama?"

"Ndinagulitsa thonje. Anati atilipira sabata ikubwerayi. Ndibwera ndi ng'ombe kudzaikoka."

A Miti anavomera. Ngolo inali kutsala pomwepo, ndiye sanaone choopsa.

Sabata inatha, a Chulu osaoneka. Angongole ang'onoang'ono a Miti ankadziwa mowachitira. Mphunzitsi wa matebulo uja atayamba kuzembazemba, anakamudikira pachipata cha sukulu tsiku la malipiro, anamupatsa moni mwaulemu kwambiri anzake akuona, ndipo ndalama zinatuluka pomwepo. Mayi wina amene anatenga zitseko ziwiri anabweza chimodzi, n'kulipira chinacho. Koma ku Zemba kunali kutali ndi chipata chilichonse chomwe a Miti akanaimapo. Anatuma uthenga kudzera mwa munthu wogulitsa makala, yankho linabwera lakuti akubwera. Anatumanso wina, ndipo ulendo uno sikunabwere yankho lililonse.

A Fulansisi atabweranso kuboma kudzagula chimanga, a Miti anawatsatira kumsika kukawafunsa ngati ngolo akuifunabe. Anati akuifuna, koma pa mtengo wochepera ngakhale uja anayamba nawo.

"Tsiku lija ndinali ndi wopikisana naye," anatero. "Lero ndili ndekha."

Madzulo a tsikulo a Miti anafika kwa Keziya nkhope itagwa.

"Ndinalakwa kusamuuza kuti asiye chikole," anatero. "Koma dzanja lokwezedwa pa okushoni ndi lonjezo, ndipo mboni zilipo zambiri. Tipite naye ku khoti. Akalephera kulipira, amulanda ng'ombe."

"Khotilo liweruza Ogasiti asanathe?"

A Miti anavomereza kuti zimenezo n'zokayikitsa.

Keziya anali atakwiya kale masiku ambiri. Akanakhala kuti munthu uja sanakweze dzanja, bwenzi ndalama za a Fulansisi, ngakhale zochepa, zili m'manja mwake, n'kumangofunafuna zotsalazo. Tsopano analibe ndalamazo, analibenso wogula. Anauza a Miti kuti asanapite ku khoti akufuna amuone munthuyo maso ndi maso.

M'mawa mwake anabwereka njinga ya mnzake wa pamsika n'kuyamba ulendo wa ku Zemba. Kunali mphepo ya Ogasiti, ija youlutsa fumbi ndi makoko a chimanga. M'minda munali mapesi okhaokha ndi zitsa za thonje zoyembekezera moto. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene. Pokwera chitunda chilichonse akukankha njinga, mawuwo ankaonjezera kuwawa.

Anafunsa kangapo asanapeze pakhomo pa a Chulu. Panali nyumba yazidina yofolera udzu, nkhokwe, ndi khola la ng'ombe cha kumunsi. Mayi wina anali pamphasa akuswa nsawa. Ataona mlendo anaimirira, anamulandira njinga, anamuyalira mphasa ina ndi kumupatsa madzi. Anati dzina lake ndi Edina, mkazi wa a Chulu, ndipo bambowo ali kudimba.

"Ndachokera kuboma," anatero Keziya atamwa madziwo. "Ndine mkazi wa malemu a Sakala. Ndabwera pa nkhani ya ngolo."

"A Sakala akalipentala aja?" Edina anagwira pachifuwa. "Pepani, mayi. Tinamva mochedwa, maliro atapita kale. Koma ngolo iti?"

Keziya anamuyang'anitsitsa. Mayiyo sankanamizira. Anamufotokozera zonse mwachidule, ndipo Edina anamvetsera, manja ataleka kuswa nsawa. Kenaka ananyamuka n'kupita yekha kudimba kukaitana mwamuna wake.

A Chulu anafika matope ali m'miyendo. Atamuona Keziya anavula chipewa ali patali, ndipo sanakhale pampando, ananjuta pansi cha pambali. Anali ataonda poyerekeza ndi tsiku la okushoni lija.

"Bambo, ine sindinakulakwireni kanthu," anayamba Keziya. Mawu ambiri omwe anakonza m'njira anali atamuthawa, anatsala ochepa. "Munaona mkazi wamasiye akugulitsa katundu wa mwamuna wake kuti ana asagone panja. Panali munthu wa ndalama m'manja. Inu munamuthamangitsa, kenaka n'kudzabisala kuno. Ndiuzeni chifukwa."

A Chulu ankangotembenuza chipewa m'manja.

"Yankhani," anatero Edina. "Inenso ndikufuna ndimve."

"Ine sindinapite kukagula ngolo," anatero a Chulu potsiriza, akuyang'ana pansi. "A Sakala atabwera kudzakhoma denga la sukulu yathuyi, ankagona pano. Ndi nthawi yomwe mwana wathu Yoweli anatisiya ndi chikuku. Iwo anali ndi matabwa awo, omwe anagula kuti apite nawo kwawo. Anapanga nawo bokosi la maliro, ndipo ndalama anakana. Ndiye nditamva za okushoni ndinati ndipite, mwina ndikagule kanyundo kokha kokumbukira. Koma nditaona munthu uja akunyoza ngolo, akufuna kuitenga pa mtengo wa mbuzi zingapo, mtima unandipweteka. Ndinati ndikweze pang'ono kuti nayenso akweze. Anakwezadi. Ndinati ndiyesenso. Ndinkaganiza kuti ndisiya iye akatsala pang'ono kutopa, koma anatopa ine ndisanazindikire."

"Bwanji simunanene pomwepo?"

"Anthu anali akuomba m'manja, mayi. Ndipo ndinati sizikanika, thonje lilipo. Ogula anabwera ndi lole mu Juni, anayeza thonje la mudzi wonse n'kulitenga, anatipatsa timapepala, n'kunena kuti abwera ndi ndalama. Mpaka lero. Tinatuma anthu ku Chipata komwe anati kuli ofesi yawo, anakapeza chitseko chili ndi loko."

Keziya ankazidziwa nkhani zoterezi, pamsika zinkamveka tsiku ndi tsiku. Anakumbukiranso kuti mwamuna wake anabwerako ku Zemba chaka chimenecho wopanda matabwa omwe analonjeza, ndipo atamufunsa anangoti anagwira ntchito ina. Koma mkwiyo sunathe.

"Chifundo chanucho chikundichotsera nyumba," anatero.

"Ndikudziwa," anayankha a Chulu. "N'chifukwa chake ndinasowa nkhope yobwera nayo."

Edina anapukusa mutu. "Ndiye n'chifukwa chake masiku onsewa mumangotola chakudya ngati mbalame, ine n'kumati ndi thonje. Mukanandiuza." Anatembenukira kwa Keziya. "Mayi, ndalama tilibe, sindingakunamizeni. Koma ng'ombe ziwiri zili m'kholamo zikungodya, poti kulima kudakali kutali. Ngolo nayo ili kwanuko ikungokhala. Kubomako anthu akumanga, akufuna njerwa ndi mchenga. Amalonda akufuna chimanga chifike kumsewu. Awa apite akagwire ntchito. Chilichonse chomwe apeze chikhale chanu."

Keziya sanavomere, sanakanenso. Anakana chakudya, koma Edina anamumangira nsawa m'kansalu n'kuzipachika panjinga, ndipo zimenezo sanathe kuzikana.

Atafika kuboma anapita molunjika kwa a Miti n'kuwafotokozera zonse. A Miti anamvetsera atatseka maso, monga ankachitira kutchalitchi munthu akamapereka umboni.

"Kukweza mtengo wa chinthu chomwe sukufuna kugula ndi kulakwa," anatero. "Ku khoti munthu wotero tinkamuthamangitsa. Zakuti anachita ndi mtima wabwino sizisintha kanthu."

"Ndiye tipite ku khoti?"

A Miti anatsegula maso. "Ndakhala ndikuganiza zimenezo chichokereni inu. Tikapambana, amulanda ng'ombe. Ng'ombezo azichita okushoni, ndipo chaka chino wokhala ndi ndalama m'thumba ndi mmodzi yekha, mukumudziwa. Atenga ng'ombe pa mtengo wa nkhuku, abweranso kudzatenga ngolo. Inu mutsala opanda nyumba, banja lija litsala lolima ndi khasu." Anapumira m'mwamba. "Ndagulitsapo ng'ombe za anthu zambiri, amake Tionge. Sindinaonepo wina akuchoka pamenepo atakhuta, kupatula wogulayo."

Anagwirizana kuti ayese maganizo a Edina, koma a Miti anaika malamulo awo. Ngolo izigona kwa Keziya tsiku lililonse. Wolemba ntchito aliyense azilipira kwa Keziya, osati kwa a Chulu. Ndipo ngoloyo ikhalabe ya Keziya mpaka mtengo wonse womwe unatchulidwa pa okushoni utakwana.

A Chulu anafika ndi ng'ombe zawo uthenga utangowapeza. Anachotsa zisa za nkhuku m'ngolomo, anapaka girisi m'mawilo, anapopa matayala omwe a Fulansisi anati atha aja. Ntchito yoyamba anawapezera ndi a Miti eniake: mpingo unkawonjezera chipinda cha Sande sukulu, ndipo njerwa zinali ku uvuni kutsidya kwa dambo. Zitatha njerwa anatuta mchenga wa munthu wina womanga golosale, kenaka nkhuni za kusukulu yogonera konko. Ankayamba dzuwa lisanatenthe, masana n'kupumitsa ng'ombe, madzulo n'kuyambiranso. Ankagona m'chisakasa cha a Jason chija, chomwe tsopano chinali chopanda kanthu.

Masiku oyamba Keziya sankalankhula nawo kupitirira moni. Chakudya ankawatumizira, poti munthu sangagone ndi njala pakhomo pako, koma iye ankakhala m'nyumba. Tsiku lina anawaona akutsuka bala lomwe goli linachita pakhosi pa ng'ombe imodzi, akuinong'oneza ngati mwana. Anakawatengera mchere ndi kansalu. Kuyambira pamenepo ankacheza pang'ono, makamaka za a Jason: momwe ankaimbira mluzu akamapala thabwa, momwe ankakanira kukhoma msomali wopindika ngakhale pamalo posaoneka.

Ngakhale a Fulansisi anailemba ntchito ngoloyo. Lole yawo inakanika kufika kumidzi ina ya ku Pembamoyo chifukwa cha mlatho wothyoka, ndipo matumba a chimanga anafunika kufika kumsewu. Anabwera kwa Keziya kudzakambirana mtengo, ndipo Keziya, yemwe anali ataphunzira, anatchula wake n'kukhala chete mpaka anavomera.

Komabe Ogasiti atatsala pang'ono kutha, ndalama zinali zisanakwane. A Chulu anapita ku Zemba n'kubwerako atagulitsa mbuzi zawo zonse. Edina anabwera nawo, atanyamula matumba awiri a nsawa pangolo. Keziya atafunsa, Edina anavomera kuti thumba limodzi linali la mbewu.

"Limenelo libwerere," anatero Keziya. "Mukadya mbewu, chaka chamawa mudzandilipira ndi chiyani?"

Anagulitsa thumba linalo, anawonjezera zake za zitumbuwa ndi za zitseko zija, koma panali potsalabe. Tsiku lomaliza la ntchito m'mwezimo anavala chitenje chake chabwino n'kupita ku khonsolo ndi zomwe anali nazo, atakonzeka kugwada ngati kungafunike. Pamzere anapezapo anthu ambiri, aphunzitsi, amesenjala, akazi amasiye anzake, aliyense nkhope ili ngati yake. Atafika kutsogolo, kalaliki sanadikire n'komwe kuti amalize kupempha.

"Mayi, simunamve? Anthu ambiri sanakwanitse, ndiye akuluakulu awonjezera mwezi wina. Siyani zomwe mwabweretsazi, ndikulemberani lisiti, zotsalazo mubwere nazo."

Keziya anatuluka n'kukakhala pakhonde la ofesiyo. A Chulu anali kudikira kutsidya kwa msewu, atagwira chingwe cha ng'ombe. Atawauza, anavula chipewa, anayang'ana kumwamba, n'kuchivalanso.

"Kuli mchenga wa kuchigayo chatsopano chija," anatero. "Ndipite, dzuwa lisanakwere."

Gawo loyamba la nyumba linakwana pakati pa Sepitembala. A Chulu anapitiriza kututa mpaka mitambo itayamba kusonkhana, ndipo pamenepo Keziya anawauza kuti atenge ng'ombe ndi ngolo yomwe apite akalime. A Miti anang'ung'udza kuti limenelo silinali pangano, koma sanaletse. Ndalama za thonje lija sizinabwere, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Chaka chotsatira a Chulu analima nsawa zambiri m'malo mwa thonje, anazigulitsa kwa wolipira pompopompo, ndipo atakolola anamaliza mtengo wonse wa ngolo, uja anautchula okha pamaso pa anthu. Keziya anafuna kuwachotserako, iwo anakana.

Nthawi imeneyo n'kuti Edina ali woyembekezera. Anamwino a kumudzi anamuuza kuti chifukwa cha msinkhu wake ndi bwino akadikirire pafupi ndi chipatala cha kuboma. Anafika kwa Keziya masana ena ndi kamtolo kake pamutu, mwamanyazi, n'kunena kuti akungodutsa kudzapereka moni, akukafuna malo kwa wachibale wina wa patali yemwe sankadziwa bwino pomwe amakhala.

Keziya anamutula kamtoloko n'kukapereka kwa mwana wake wamkulu.

"Tionge, kaike m'chipinda mwako, iwe uzigona ndi ine," anatero. Kenaka anatembenukira kwa Edina. "Khalani pansi, miyendo yatupayo. Kuchipatala ndi pafupi, tikalembetsa mawa m'mawa ndisanapite kumsika."